Kapepala koyezera likodzo: chiyembekezo cha a m'mphepete mwa nyanja ku Salima

Kwa msodzi wa ku Senga Bay kapena mwana wosambira ku Chipoka m'boma la Salima, likodzo si lachilendo. Tizilombo toyambitsa matendawa timachokera mu nkhono za m'madzi, ndipo timaboola khungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Vuto lagona pa kuyeza.

Kawirikawiri achipatala amasefa mkodzo n'kufufuza mazira a nyongolotsi za likodzo pa maikulosikopu. Ntchitoyi imafuna labotale ndi katswiri, ndipo mazira akachepa saoneka. Wodwala akhoza kubwerera kumudzi mtima uli m'malo, chikhalirecho matendawo akuwononga chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera mwakachetechete.

N'chifukwa chake asayansi akufunafuna zizindikiro zina za matendawa. Maselo a zamoyo amatulutsa timatumba ting'onoting'ono totchedwa extracellular vesicles pa Chingerezi, tomwe timayenda m'magazi ndi mumkodzo titanyamula mapuloteni ndi RNA zosonyeza kumene tachokera. Nazo nyongolotsi za likodzo zimatulutsa timatumba totere. Mu 2017, ofufuza a ku Israel adalengeza kuti adapeza RNA ya nyongolotsizi m'timatumba ta m'magazi a odwala, ndipo idachepa odwalawo atamwa mankhwala.

Koma kupatula timatumbati kumalira makina odula ozungulira mwaliwiro, omwe zipatala za kumidzi zilibe. Apa m'pamene pepala lingathandize. Mu 2007, gulu la George Whitesides ku yunivesite ya Harvard lidaonetsa kuti ndi kotheka kulemba tingalande tating'ono papepala, moti dontho la mkodzo limayenda lokha, monga palafini akwerera chingwe cha koloboyi. Likafika pamene apakapo mankhwala, pepalalo limasintha mtundu ngati chomwe akufunacho chilimo. Magetsi safunika.

Amalawi akuidziwa kale nzeru imeneyi kudzera m'kachipangizo koyezera malungo ndi dontho la magazi, komwe kadafalikira m'zipatala za boma mu 2011. Kusiyana kwake n'kwakuti mapepala ogwira timatumbati akadali m'malabotale, ndipo sadafike m'zipatala za m'dziko muno.

Pakadali pano, wokodza magazi asadikire luso latsopanoli: apite kuchipatala msanga. Nawo makolo alole ana kumwa praziquantel akamaperekedwa m'sukulu.