Kafukufuku wa zachipatala ndi anthu amene amadzipereka kuyesa mankhwala

Mankhwala kapena katemera aliyense woperekedwa pachipatala cha Kapelula, kum'mawa kwa boma la Kasungu, anayamba wayesedwa pa anthu ena asanafike m'manja mwa anamwino. Anthuwo anachita kudzipereka okha: ena anali odwala, ena abwinobwino, ena makolo amene analola kuti ana awo alembedwe. Ntchito imeneyi ndiyo kafukufuku wa zachipatala, ndipo m'Malawi yachitika kwa zaka zoposa 40, makamaka ku Karonga, ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Ku Chilumba m'boma la Karonga, ntchito yofufuza za khate inayamba mu 1979. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 a m'bomalo analembedwa m'kafukufuku wa katemera wa BCG, yemwe amasiya kachipsera pamkono uja. Zotsatira zinaonetsa kuti kubayitsa kachiwiri kumachepetsa khate ndi theka, koma sikuteteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Ntchitoyo ikupitirirabe pansi pa bungwe la MEIRU, lomwe pakati pa 2013 ndi 2016 linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe pofufuza kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga.

Kuyesa mankhwala atsopano kumayenda pang'onopang'ono. Poyamba amaperekedwa kwa anthu ochepa kuti aone ngati sakuvulaza thupi. Kenako anthu amachuluka pofuna kupeza mlingo woyenera, ndipo pomaliza amafika masauzande, amene amagawidwa m'magulu awiri. Mlimi wofuna kudziwa ngati mbewu yatsopano iposa yakale amadzala zonse ziwiri pamunda umodzi, feteleza wofanana, mvula imodzimodzi. Ofufuza amachitanso chimodzimodzi: gulu lina limalandira chinthu choyesedwacho, lina limalandira mankhwala akale kapena ongofanizira. Munthu sasankha gulu, ndipo adokotala samusankhira. Kompyuta ndiyo imagawa mwa maere, kuti pasakhale kukondera.

Zinayenda motero ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu February 2018, pamene bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linalemba ana pafupifupi 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12. Theka la anawo linabayidwa katemera wa tayifodi, theka lina katemera wa matenda oumitsa khosi. Makolo sanadziwe chimene mwana walandira, ngakhalenso amene ankayeza anawo akadwala sanadziwe. Atawerenga odwala m'magulu onse awiri, anapeza kuti katemerayo amateteza ana oposa 80 pa 100 alionse. Mu May 2023 boma linaupereka m'dziko lonse, ndipo ana a ku Kasungu analandira chimene ana a ku Ndirande anayesa zaka zisanu m'mbuyomo.

Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwa kuyambira 2009 mpaka 2014 pa ana oposa 15,000 m'mayiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malo 11 a kafukufukuyo. Mwa ana a miyezi 5 mpaka 17 amene anabayidwa kanayi, malungo anatsika ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse. Pa 23 April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuupereka kusikelo m'maboma osankhidwa, kuphatikizapo Ntchisi ndi Mchinji, oyandikana ndi Kasungu. Kafukufuku wina amene anamveka dziko lonse lapansi ndi HPTN 052, wa mabanja 1,763 m'mayiko 9, ena a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, momwe mmodzi anali ndi HIV mnzake alibe. Mu 2011 zinadziwika kuti woyamba msanga kumwa ma ARV amachepetsa mpata wopatsira mnzake ndi 96 pa 100. Umenewu unali umodzi mwa maumboni amene anachititsa kuti lero aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo.

Si kafukufuku aliyense amabweretsa nkhani yokoma. Ku Chikwawa ndi ku Chilumba, midzi 150 inalowa m'kafukufuku wa mbaula zotulutsa utsi wochepa, pokhulupirira kuti chibayo cha ana chichepa. Ana oposa 10,000 anatsatidwa, ndipo mu 2016 zinapezeka kuti chibayo sichinachepe. Yankho lotere nalonso n'lofunika, chifukwa limaletsa kumwaza ndalama pa chinthu chosathandiza.

Madera a fodya monga Kapelula sapezeka kawirikawiri m'kuyesa mankhwala kwa mtundu umenewu. Ntchitoyi imafuna labotale, mafiriji osazima ndi anthu amene angapezeke pamalo amodzi kwa zaka ziwiri kapena zitatu, pomwe matenanti ambiri amasamuka fodya akagulitsidwa. Chonsecho mavuto ofuna kufufuzidwa aliko. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti lochokera kwa ana 44 ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, ku Lilongwe ndi ku Mzimba. Anawo ankadandaula mutu, m'mimba, kufooka ndi kubanika, zizindikiro za chikonga cholowera pakhungu pothyola kapena posoka fodya wonyowa. Lipotilo linati patsiku lachinyontho mwana akhoza kulowetsa chikonga chofanana ndi cha ndudu 50. Kafukufuku wofika kumadera otere nthawi zambiri amakhala wa mafunso, woyeza sikelo ndi msinkhu, kapena wotenga kadontho ka magazi pachala.

Malamulo oteteza otenga mbali anabadwa chifukwa cha nkhanza zenizeni. Ku Tuskegee m'dziko la America, amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko anasiyidwa osachizidwa kuyambira 1932 mpaka 1972 kuti madokotala aone mmene matendawo amayendera. Mfundo za ku Helsinki, zimene zinalembedwa koyamba mu 1964, zimanena kuti ubwino wa munthu wotenga mbali ukhale patsogolo pa zofuna za sayansi. M'Malawi kafukufuku wa zaumoyo sayamba popanda chivomerezo cha komiti monga National Health Sciences Research Committee kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ngati pali mankhwala oyesedwa, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority nalo limayenera kuvomereza.

Kumudzi ofufuza amadzera kwa akuluakulu a zaumoyo a boma, kwa mfumu yaikulu, magulupu ndi anyakwawa, ndipo kawirikawiri amayenda ndi alangizi a zaumoyo. Umenewo ndi ulemu woyenera, koma kulola kwa amfumu kumangotsegula njira yolowera m'mudzi. Chilolezo chenicheni ndi cha munthu mwini. Mwamuna sangavomere m'malo mwa mkazi wake, mwini esiteti sangavomere m'malo mwa tenanti. Kalata ya chilolezo imayenera kukhala m'chilankhulo chimene munthuyo amamva, ndipo imafotokoza cholinga, nthawi imene ntchitoyo itenge, kuchuluka kwa magazi otengedwa, zovuta zimene zingabwere ndi chimene chichitike munthu akavulala. Wosadziwa kulemba amawerengeredwa pamaso pa mboni yosakhala ya ofufuzawo, kenako amadinda chala. Mwana amavomerezedwa ndi kholo kapena womulera, ndipo wamkulupo amafunsidwanso maganizo ake. Wokana, kapena wosiyira panjira, sataya ufulu wothandizidwa kuchipatala.

Pa magazi ndi pamene mantha amagona. Mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena mu 2017, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ena analeka kaye kuyenda m'midzi. Magazi a kafukufuku amakhala ochepa, oyezedwa ndi masipuni a tiyi, ndipo ngati ena asungidwe kapena atumizidwe ku labotale ya kunja, kalata ija imayenera kunena. Vuto lina, losakambidwa kwambiri, ndi lakuti anthu ena amalowa poyesa kuti apeza chithandizo chapadera. N'zoona kuti otenga mbali amayezedwa pafupipafupi, koma chinthu choyesedwa sichinatsimikizike, ndipo munthu akhoza kugwera gulu losalandira. Ndalama imene amapatsidwa ndi yobwezera thiransipoti ndi nthawi yotayika. Mlimi amene akufunsidwa kubwera kuchipatala mwezi ndi mwezi ayenera kuwerengera nyengo yowokera ndi yothyola asanadinde chala.

Ntchito yofuna odzipereka ikupitirira. Ku Blantyre akuluakulu athanzi analola kudonthezeredwa m'mphuno tizilombo toyambitsa chibayo, moyang'aniridwa ndi madokotala, poyesa mphamvu ya katemera, ndipo Malawi lili m'gulu la mayiko amene akuyesa katemera watsopano wa chifuwa chachikulu wa M72, ntchito imene inayamba mu 2024. Kulikonse kumene kafukufuku wovomerezeka akuchitika, kalata ya chilolezo imakhala ndi dzina ndi nambala ya foni ya mkulu wa kafukufukuyo komanso ya komiti imene inavomereza, ndipo wotenga mbali amapatsidwa kope lake kuti akasunge kunyumba.