NJINGA YAMOTO IKAKANA KULIRA

Njinga zamoto zakale zinali ndi kabureta, ndipo injini ikakana kulira mwini wace anali kungokoka coki kapena kupotoza kasikuluu. Koma m'caka ca 1980 a Kawasaki anaturutsa njinga ya Z1000 yopanda kabureta, ndipo lero zotere zacuruka. M'menemo petulo akankhidwa ndi pampu yamagetsi, nawazidwa m'injini ndi kaciwiya kochedwa injector, ndipo muyeso wace ulamulidwa ndi kompyuta yaing'ono. Zonsezi zidya magetsi.

Cifukwa cace munthu wanzeru ayamba wayesa batire. Batire yodzala ionetsa mavolti 12.6. Yofoka ingathe kuyatsa nyali ndi kuliza hutala, koma ngati mphamvu yace itsika kupitirira mavolti 10 pozungulitsa injini, kawiri-kawiri kompyuta ileka nchito. Batire ikafa ndithu, kukankha njinga ndiko kutaya thukuta cabe, pakuti njinga zambiri zotere sizilira popanda magetsi oyendetsa pampu. Wothamangira shifiti ya m'mawa ku mgodi adzacedwa ndithu.

Batire ikakhala bwino, mwini njinga atembenuze kiyi ndi kuchera khutu pafupi ndi thanki. Pampu iyenera kung'ung'uza masekondi awiri kapena atatu. Pakakhala zii, ayang'ane swichi yofiira ya pa cigwiriro, imene ana akonda kuseweretsa, kenaka fyuzi ndi waya wa pampu. Ambiri alipira makanika ndalama zambiri cifukwa ca kaswichi kameneka.

Bvuto lina ndi la injini imene ilira bwino pamseu, koma izima poima. Pano mdani wamkuru ndi pfumbi, makamaka m'miyezi ya cirimwe. Litseka sefa ya mpweya, ndipo litsiro limamatira pa khosi polowera mpweya m'injini, kotero kuti kampata kamene injini ipumirapo poima kacepa. Mankhwala ace ndiwo kutsuka. Kasikuluu kopakidwa utoto ka pa khosipo anakacera ku fakitale. Wokapotoza aonjeza matenda. Ngati injini ikwera ndi kutsika yokha, ayang'ane mphira wolumikiza khosi ndi injini: ukang'ambika ulowetsa mpweya umene kompyuta siinawerengere. Petulo wa m'mabotolo wogula m'mbali mwa mseu, ngati ali ndi madzi kapena mcenga, atseka timabowo ta injector, timene tiri tating'ono kwambiri.

Njinga yokha imanena pamene padwala. Pa njinga za Honda kanyali ka pa wochi kamaphethira: kuphethira kwakutali kuwerengedwa 10, kwakufupi 1. Nambala 7 inena za kaciwiya koyesa kutentha kwa injini, kamene kakaonongeka injini ibvuta kulira m'mawa wa June. Nambala 12 inena za injector. Mwini njinga alembe nambalayo asanapite kwa makanika, ndipo asalole kuti amgulitse kompyuta yatsopano waya ndi mapulagi zisanayesedwe.