Mliri Umene Unaika Gregory pa Mpando wa Petro

Mu Novembala 589 mtsinje wa Tiber unasefukira nulowa mumzinda wa Roma, ndipo pakati pa zimene unaononga panali nkhokwe za mpingo zodzala ndi tirigu. Mvula ikakuona litsiro sikata: madzi atangophwa, anthu anayamba kutupa anabere m'mphechepeche ndi m'khwapa, thupi likutentha ngati ng'anjo, ndipo mu Febuluwale 590 nthendayo inatenga Papa Pelagius II. Anthu a mumzindawo, ali m'kati mwa maliro osatha, anasankha Gregory, mwana wa banja lomveka amene anali atataya ulemu wa ubwanamkubwa wa Roma kuti akhale mmonke; ndipo iye, angakhale anayesetsa kuukana udindo wa upapawo, anadzozedwa pa 3 Seputembala chaka chomwecho.

Asanadzozedwe n'komwe, Gregory anaitana mzinda wonse kuti ulape, nakonza magulu asanu ndi awiri, ansembe paokha, ana paokha, akazi amasiye paokha, kuti achoke m'matchalitchi osiyanasiyana akupemphera, nakakomane ku tchalitchi chachikulu cha Maria Woyera. Gregory wina, bishopu wa ku Tours, amene anamva nkhaniyi kwa dikoni wake wochokera ku Roma, analemba kuti anthu 80 anagwa nafa m'ola limodzi mapemphero ali m'kati. Mbiri imene inafala pambuyo pake imati Papa Gregory anaona mngelo Mikayeli akubwezera lupanga m'chimake pamwamba pa manda a mfumu Hadrian, ndipo n'chifukwa chake nyumbayo imatchedwa Castel Sant'Angelo kufikira lero lino.

Chimene chinali kupha anthuwo sichinadziwike kwa zaka 1,300. Mliriwu unabuka mu 541 padoko la Pelusium ku Egypt, nufika ku Constantinople chaka chotsatira, ndipo unkabwerera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean kwa zaka ngati 200. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 1894, ku Hong Kong, dokotala Alexandre Yersin anapeza kachilombo kake m'anabere a akufa, kamene lero kamatchedwa Yersinia pestis, ndipo mu 1898 Paul-Louis Simond anasonyeza kuti wokanyamula ndi nthata ya pa khoswe. M'masiku athu ano akatswiri apeza zotsalira za kachilombo komweko m'mano a anthu a nthawi imeneyo amene anaikidwa ku Aschheim, m'dziko la Germany.

Machitidwe ake ngodabwitsa. Nthata ikayamwa magazi a khoswe wodwala, tizilomboto timaswana m'kati mwake kufikira titatseka njira ya chakudya, kotero kuti nthatayo, pokhala ndi njala yosatha ngakhale iyamwe chotani, imaluma mobwerezabwereza, niilavulira tizilombo m'bala lililonse. Ndipo khoswe akafa thupi lake n'kuzizira, imadumphira pa munthu amene ali pafupi. Zizindikiro zimaoneka pakati pa tsiku limodzi ndi sabata, choncho iwo amene anagwa pamapemphero paja anali atadwala kale asanatuluke m'nyumba zawo. Komabe tiyenera kunena zoona, kuti nthendayi ikalowa m'mapapo imafala ndi chifuwa, ndipo khamu lopanikizana likanatha kuipatsa njira. Ine sindimudzudzula Gregory pa ichi, pakuti munthu sangathawe mdani amene sanamuonepo. Chimene ndimamulemekezera n'chakuti sanawasiye anthu ake, koma anatsegula chuma cha mpingo nadyetsa osauka ndi odwala, iye mwini akuzunzika ndi nthenda yotupitsa mfundo za miyendo imene inamgoneka pamphasa nthawi zambiri kufikira imfa yake pa 12 Malichi 604.

Mliriwu sunathe padziko. Ku Madagascar mu 2017 unagwira anthu oposa 2,000, ambiri a iwo m'mapapo. Kusiyana kwake n'kwakuti lero mankhwala opha mabakiteriya amachiza wodwala akafika msanga kuchipatala, pamene wosalandira chithandizo, makamaka wa m'mapapo, kawirikawiri sapulumuka. Azaumoyo amalangiza kuti makoswe akayamba kufa okha m'mudzi, asagwidwe ndi manja, nkhaniyo ikanenedwe kuchipatala, ndipo nthata ziphedwe poyamba, makoswe pambuyo, kuopa kuti nthata zosowa mwini zingatembenukire kwa ana ogona pansi.