Mafoloko a Njinga Ina pa Mseu wa ku Chelinda

Amene anakwerapo phiri la Nyika adziŵa kuti ulendo wa ku Chelinda si wamaseŵera. Kuchokera pa boma la Rumphi, mseu udzera ku Bolero nufika pa chipata cha Thazima, ndipo kuchokera pamenepo ukwera mokhotakhota kufikira pa Chelinda penipeni. Mtunda wonsewo uposa makilomita 100, ndipo mbali yaikulu ndi ya dothi ndi miyala. Malo a Chelinda ali pamwamba, mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pakati pa nkhalango yosungira nyama imene inakhazikitsidwa mu 1965 nikuzidwa mu 1978. Kumeneko kuli mbidzi, nsefu ndi chilembwe, kulinso mitengo ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku mpaka kuyeretsa udzu.

Mu Julayi 2023 tinatsagana ndi achinyamata a mpingo wathu kukaona zolengedwa za Mulungu kumeneko. Pobwerera, tisanafike pa Thazima, tinapeza mnyamata atakhala m'mbali mwa mseu atagwira mkono wake, magazi ali chuchuchu pachipumi. Njinga yake yamoto inali gone mu udzu. Iye amakweza ufa, sopo ndi mchere kwa mabanja a antchito a pa Chelinda, ndipo tsiku limenelo anali kutsika atatula katundu. Tinamnyamula m'galimoto lathu kupita naye kuchipatala, ndipo panjira anatisimbira chiyambi cha ngoziyo.

Masabata aŵiri m'mbuyomo analoŵa m'chigwembe napinda mafoloko, ndiwo mapaipi aŵiri aja amene amagwira gudumu lakutsogolo. Atsopano a mtundu wa njinga yake anali odula, choncho anagula ogwirapo kale ntchito a njinga ya mtundu wina pa msika wa ku Mzuzu. Poika, anapeza kuti mapaipi ake ndi oonda pang'ono, ndipo makaniko anakulungapo zidutswa za chitini kuti agwire. Mbale ya buleki inasoŵa pokoŵera, naimangirira ndi waya. Pa chitsikire china atagwira buleki mwamphamvu, waya uja anaduka, mbale inazungulira pamodzi ndi gudumu nikoka chingwe cha buleki, gudumu linaima nji, iye nauluka pamwamba pa mahandulo.

"Bambo," anatero mnyamatayo, "pamene amaika ndinalipo. Ndinaona ndi maso anga kuti akwana bwinobwino."

Mau ameneŵa ndiwo atichititsa kulemba nkhani ino. Diso limaona kuti chitsulo chaloŵa pamalo pake, koma silingaone milimita imodzi imene yapereŵera. Sitikunena kuti kuika chitsulo cha njinga ina ndi kulakwa. Ife tonse tinakula tikuona makolo athu akuphatikiza njinga zakapalasa ziŵiri zakufa kuti patuluke imodzi yamoyo, ndipo nzeru yotere ndi yoyamikika. Amakaniko odziŵa ntchito amasintha mafoloko a njinga zamoto m'maiko ambiri, koma amayamba ayeza.

Ntchito ya mafoloko

Mafoloko ali ndi ntchito zitatu. Amagwira gudumu lakutsogolo, amaongolera njinga, ndiponso amameza mabampu. M'kati mwa paipi iliyonse muli sipulingi ndi oilo. Sipulingi imalandira kugunda kwa mwala, ndipo oilo, podutsa pa timabowo ting'onoting'ono, amaletsa sipulingiyo kudumphadumpha. Tikumbukirenso kuti pogwira buleki, kulemera kwa njinga, kwa woyendetsa ndi kwa katundu kumathamangira kutsogolo. Pa chitsikire ngati cha ku Thazima, mapaipi aŵiriwo amasenza katundu woposa wa masiku onse.

Zofunika kuyeza musanagule

Choyamba ndi kunenepa kwa mapaipi. Mapaipi amagwidwa ndi zopanira ziŵiri, chapamwamba ndi chapansi, ndipo mabowo a zopanirazo anaboolera muyeso umodzi wokha. Njinga ya Honda, ya Yamaha, ya Bajaj kapena ya ku China, iliyonse ili ndi miyeso yake, ndipo ngakhale njinga ziŵiri za fakitale imodzi zimasiyana. Paipi ikaonda ndi milimita imodzi yokha, chopanira sichiigwira mokwanira ngakhale mumange bawuti mpaka kuithyola. Chitini chimaphwanyika ndi kugwedezeka kwa pa mseu, ndipo paipi imayamba kutsetsereka kapena kupotoka.

Chachiŵiri ndi kutalika. Mafoloko aatali amakweza mutu wa njinga, ndipo njingayo imalemera pokhota. Chingwe cha buleki chimathanso kukokeka chokha pamene mafoloko atambasuka. Aafupi amaŵeramitsa njinga, mahandulo amapepuka mopitirira nayamba kunjenjemera pa liŵiro, ndipo pa bampu lalikulu tayala kapena madigadi angathe kugunda injini.

Chachitatu ndi ekiselo, chitsulo chija chopyola pakati pa gudumu. Kunenepa kwake kuyenera kugwirizana ndi mabowo a kumapazi a mafoloko ndiponso ndi maberingi a gudumu. Gudumu liyenera kukhala pakati penipeni. Likapendekera mbali imodzi, lakutsogolo ndi lakumbuyo sayenda mzere umodzi, ndipo pamatope njinga yotere imagwetsa msanga.

Chachinayi ndi buleki, ndipo apa ndi pamene mnyamata uja anagwera. Pa buleki ya dilamu, mwendo wa foloko uli ndi kachitsulo kotulukira kamene kamaloŵa m'kampata ka mbale ya buleki. Kachitsulo kameneka ndiko kamaletsa mbale kuzungulira. Pa buleki ya disiki, chopanira disiki chili ndi mabowo ake a mabawuti pa mwendo wa foloko. Ngati malo ameneŵa sakukumana, musalole waya, chingwe kapena kuwotcherera kwa chigamba.

Chachisanu ndi mphamvu ya masipulingi ndi muyeso wa oilo. Mafoloko a njinga yopepuka amafwamphuka mpaka pansi akasenza njinga yolemera. Oilo akhale wa mtundu woyenera ndi wofanana muyeso mbali zonse ziŵiri. Ena amathiramo oilo wakutha wa mu injini. Oilo wolemera amalimba kukazizira, ndipo m'maŵa wa chisanu pa Chelinda mafoloko otere amauma ngati mitengo. Mphira zotsekera oilo zikatha, oilo amatsikira pa buleki, ndipo buleki yonyowa ndi oilo siigwira.

Nzeru ya amisiri okhwima ndi yakuti, ngati mafoloko a mtundu wa njinga yanu asoŵa, ndi bwino kutenga mutu wonse wa njinga imodzi: zopanira, mafoloko onse aŵiri, ekiselo, gudumu ndi buleki yake. Pamenepo chotsala kuyeza ndi pakhosi pokha, pamene mutuwo ulumikizana ndi thupi la njinga, kuti maberingi a pamenepo akwane ndi kuti mahandulo asagunde thanki pokhota. Musasinthe foloko imodzi n'kusiya inzake. Paipi yogwirapo kale ntchito muigubuduze pa galasi kapena pa thebulo losalala. Ikamadzuka mbali ina ndiye kuti ndi yopindika. Imene inaongoledwa ndi moto muisiye, pakuti moto umafooketsa chitsulo. Ntchito ikatha, yesani njingayo pabwalo, pang'onopang'ono, popanda wokwera kumbuyo, ndipo mukayenda tsiku limodzi muonenso mabawuti onse.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Masiku ano mabanja ambiri a m'mipingo yathu akudya kuchokera pa njinga ya kabaza. Ena a ife tinagulitsa fodya kapena ng'ombe kuti mwana apeze pogwira. Tidziŵa kuti njinga ikagona tsiku limodzi, pakhomo pamagonanso ndi njala, ndipo ichi ndicho chimafulumizitsa anyamata kulandira chitsulo chilichonse chimene chapezeka. Koma taŵerengerani: mnyamata uja anapulumutsa ndalama pang'ono pa msika, nakhala miyezi iŵiri mkono uli m'chikhakha, osagwira ntchito. Chikhala kuti tsiku limenelo anakweza mayi wobereka mwana kumbuyo, bwenzi tikusimba zina.

M'buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, Aisraeli analamulidwa kumanga kampanda m'mphepete mwa denga la nyumba yatsopano, kuti munthu akagwa mlandu wa mwazi usakhale pa mwini nyumba. Mulungu amaŵerengera ngozi imene tikanatha kuipewa. Wokwera pa kabaza safunsa za kunenepa kwa mapaipi. Amangopereka moyo wake m'manja mwa woyendetsa. Chomwechonso makaniko wachikhristu ayenera kulimba mtima kunena kuti, "Achimwene, izi sizikwana," ngakhale atataya ndalama ya tsiku limenelo.

Inu makolo, njinga ya mwana wanu ikabwera kokonzetsa, tulukani mukaione. Simusoŵa kukhala amisiri kuti muzindikire waya pa buleki, chitini pa chopanira, kapena oilo wochucha pa paipi. Funsani kuti chitsulocho chachokera pa njinga yanji ndipo anayeza ndani. Inu achinyamata, musachite manyazi kufunsa amene anayamba ntchitoyi kale, pakuti safunsa anadya phula. Valaninso chisoti pa ulendo uliwonse, inu ndi amene mwamkweza.

Mnyamata uja anachira, ndipo tiyamika Mulungu. Tinakumana nayenso pa Bolero chaka chotsatira, atakweza matumba aŵiri a ufa, ali pa ulendo wa ku Chelinda. Anaima natipatsa moni, natiuza kuti anadikira milungu itatu kufikira atapeza mutu wathunthu wa njinga ya mtundu wake. Tisanafunse, anagwada natiloza kachitsulo ka pa mwendo wa foloko kali m'kampata kake.