Kodi Masewera a Cluedo Angakondweretse Yani?

Makolo ambiri amene aona bokosi la masewera otchedwa Cluedo m'sitolo, kapena alilandira ngati mphatso kuchokera kwa abale okhala kunja, amayamba akayika asanalipereke kwa ana awo. Kukayika kwawo nkomveka, pakuti masewerawa amanena za munthu wophedwa, ndipo m'bokosimo muli kamfuti, kampeni ndi kachingwe. Kodi chinthu chotere nchoyenera kulowa m'banja la Chikhristu? Ndipo chikalowa, ndani adzakondwera nacho? Tisanayankhe mafunso awiriwa, tiyeni tiyambe taona kumene masewerawa adachokera ndi m'mene amaseweredwera.

Kumene adachokera

Amene adawapeka ndi Anthony Pratt, woimba piyano wa mu mzinda wa Birmingham ku England. Bamboyu adaona kuti alendo a m'mahotela momwe ankaimba ankakonda sewero lofufuza wopha mnzake mongoyerekeza. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene anthu ankabindikira m'nyumba usiku poopa mabomba, iye adaganiza zoika sewero lija pa bolodi, ndipo mkazi wake Elva ndiye adajambula mapu a nyumba imene ili pa bolodipo. Adalembetsa nzeru yawoyi ku boma m'chaka cha 1944, koma chifukwa cha kusowa kwa zipangizo nkhondo itatha, kampani ya Waddingtons ya ku Leeds idayamba kugulitsa masewerawa m'chaka cha 1949. Dzina lakuti Cluedo lidapangidwa pophatikiza liwu la Chingerezi lotanthauza chizindikiro chotsogolera wofufuza mlandu ndi dzina la ludo, masewera amene ambiri a ife timawadziwa bwino. Ku America amawatcha Clue, ndipo mwini wake tsopano ndi kampani ya Hasbro.

Kaseweredwe kake

Nkhani yake yoyambirira idali iyi: mwini nyumba, Dr. Black, wapezeka ataphedwa. M'masewera oyambirira oganiziridwa adali alendo ake 6, ndiwo Miss Scarlett, Colonel Mustard, Mrs. White, Reverend Green, Mrs. Peacock ndi Professor Plum. Zida zilipo 6: mpeni, mfuti, chingwe, sipanala, paipi ya mtovu ndi choikapo kandulo. Zipinda za nyumbayo zilipo 9. Munthu aliyense, chida chilichonse ndi chipinda chilichonse chili ndi khadi lake, motero makhadi onse alipo 21.

Poyamba amatenga makhadi atatu mosayang'ana, la munthu, la chida ndi la chipinda, naawatsekera mu envelopu. Makhadi 18 otsalawo amagawana osewera. Ntchito ya aliyense ndi kuzindikira zimene zili mu envelopumo, ndipo mayankho amene angathe kukhalamo alipo 324. Wosewera amaponya madayisi, nayenda kufikira atalowa m'chipinda. M'menemo amatchula munthu ndi chida chimene akuganizira pamodzi ndi chipindacho. Mnzake wa kumanzere, ngati ali ndi khadi limodzi mwa atatuwo, ayenera kumuonetsa mobisa. Ngati alibe, funso limapita kwa wotsatira. Choncho pang'onopang'ono wosewera amafafaniza pa pepala lake mayina amene alibe mlandu. Akakhulupirira kuti wapeza yankho, amaneneza poyera ndi kusuzumira mu envelopu. Akakhoza wapambana, akalakwa watuluka, ndipo amangotsala ndi ntchito yoonetsa anzake makhadi.

Amene adzakondwera nawo

Woyamba ndi mwana wofatsa, wokonda kufunsa ndi kusunga zinthu mumtima. M'mabanja ambiri muli mwana wotere, amene pa mpira amatsalira m'mbuyo ndipo pa macheza anzake amamulanda mawu. Pa Cluedo mwana ameneyu ndiye amaposa onse, chifukwa wopambana ndi amene amatchera khutu ngakhale pamene si nthawi yake yoponya madayisi. Iye amaona kuti mlongo wake sadaonetse khadi pamene adafunsidwa za chingwe ndi khitchini, nalemba. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pano mwambiwu umapherezeka.

Achiwiri ndi achinyamata okonda masamu ndi mabuku a nkhani za apolisi ofufuza milandu. Amene amadziwa bawo amadziwanso kukoma kwa kuwerengera zimene zidzachitike dzanja lisanagwire nkhomo. Kukoma komweko adzakupeza pano. Opanga masewerawa amati ayenera a zaka 8 kupita m'tsogolo, ndipo ife tikuvomereza, pakuti mwana ayenera kudziwa kuwerenga mayina a Chingerezi a pa makhadi ndi kulemba pa pepala popanda womuthandiza.

Lachitatu ndi banja la anthu atatu kufikira asanu ndi mmodzi limene lingathe kupatula ola limodzi madzulo. Pa mpira bambo amaposa mwana mphamvu, ndipo pa mafunso a kusukulu wamkulu amaposa wamng'ono. Koma pano agogo ndi mdzukulu amayambira pamodzi, onse osadziwa chimene chili mu envelopu.

Amene sadzakondwera nawo

Mwana wosakwana zaka 8 amatopa msanga, kapena amaulula makhadi ake mosadziwa, masewera nkuwonongeka. Munthu wa phuma nayenso amavutika, chifukwa nthawi zina madayisi amakana ndipo amazungulira kawiri kapena katatu osalowa m'chipinda chilichonse. Anthu awiri okha sadzamva kukoma kwake, popeza khadi limene wina alibe lili kwa mnzakeyo kapena mu envelopu, motero chinsinsi chimachepa. Ndipo tikuchenjeza mwapadera kuti m'nyumba imene mudagwa maliro a munthu wochita kuphedwa, bokosi limeneli lisalowemo. Chimene kwa ena nchoseweretsa, kwa ofedwa ndi chilonda.

Yankho kwa makolo

Tibwerere ku funso loyamba lija. Pa masewerawa palibe amene amapha. Imfa idachitika kale, ndipo osewera onse ali mbali ya ofuna choona. Palibe magazi, palibenso ndalama za juga. Chimene tachiona chopindulitsa ndi ichi: masewerawa amaima pa kukhulupirika. Wosewera mmodzi akabisa khadi limene ali nalo, ena onse amasokera ndipo madzulo onse apita pachabe. Ana amazindikira okha kuipa kwa umboni wonama popanda wowalalikira.

Amaphunziranso kusiyanitsa kuganizira munthu ndi kumuneneza. Kuganizira nkololedwa mobwerezabwereza, ndipo ndi njira yofunsira, pakuti safunsa adadya phula. Koma kuneneza kumachitika kamodzi kokha, ndipo woneneza molakwa ndiye amalangidwa. Tikakumbukira mabanja amene adadana chifukwa cha nkhuku yosowa, kapena okalamba amene adatchulidwa ufiti popanda umboni, tidzaona kuti phunziro limeneli si laling'ono.

Ena adzadabwa kuona mbusa, Reverend Green, pakati pa oganiziridwa a m'masewera oyambirira. Ku America adamusintha kukhala Mr. Green. Ife sitikuona chokhumudwitsa pamenepa. Mu envelopu mungalowe dzina la mbusa, la msilikali kapena la mphunzitsi wamkulu, ngakhale la wosewera mwiniyo, chifukwa mlandu suyang'ana chovala.

Tsono inu makolo, musanagule kapena kupereka bokosili, yang'anani ana anu. Ngati pakati pawo pali wofatsa uja wokonda kufunsa, ndipo inu muli okonzeka kukhala naye pansi ola lathunthu, mpatseni. Musadabwe akadzakugonjetsani.