Zipangizo Zophunzitsira Zili Pakhomo Pathu: Kodi TALULAR N'chiyani?

Chaka chilichonse sukulu za sekondale zimalandira ana a Fomu 1 amene anakhoza mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB. Ena mwa iwo amawerenga bwino ndipo masamu sawavuta. Koma alipo ena amene amati akapatsidwa ndime yoti awerenge amadodoma, ndipo ukawafunsa chifukwa chimene "timabwerekera" pochotsera nambala amangoyankha kuti ndi mmene anawauzira. Vuto lotere silibadwira ku sekondale ayi. Limayamba m'makalasi oyambirira a pulayimale, kumene ang'ono athu ndi ana athu akuphunzira lero. Mmera mpoyamba. N'chifukwa chake m'kope lino tafuna kukambirana nanu makolo, ophunzira ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti za njira yothandizira aphunzitsi a pulayimale popanda kudikira ndalama zambiri.

Chiyambi cha vutoli

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana chinakwera msanga kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, moti boma linalemba ntchito aphunzitsi masauzande ambiri amene anali asanapite kukoleji. Mpaka pano cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma tonse tikudziwa makalasi a Sitandade 1 ndi 2 amene ana amapitirira 100, ena akuphunzirira pansi pa mtengo. Kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007, amene anayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa, anapeza kuti ana a ku Malawi anali kumapeto pa kuwerenga. Mu 2016 boma linayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme pofuna kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 azidziwa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi.

M'kati mwa zonsezi, aphunzitsi akhala akudalira njira yotchedwa TALULAR. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Teaching and Learning Using Locally Available Resources, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera momwemo. Bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, m'boma la Zomba, linatulutsa buku lofotokoza njirayi mu 2004, ndipo amene akuphunzira zauphunzitsi m'makoleji amaphunzitsidwa kupanga zipangizo zotere.

Chifukwa chiyani mwana amafunika kugwira?

Ena amaganiza kuti timitengo ndi zitsekerero za mabotolo ndi zipangizo za osauka, zongogwirizira podikira zenizeni. Si choncho. Katswiri wa maphunziro wa ku America, Jerome Bruner, anafotokoza mu 1966 kuti mwana amamvetsa chinthu chatsopano podutsa masitepe atatu: kuchigwira ndi kuchichita, kuchiwona pa chithunzi, kenako kuchilemba ndi zizindikiro monga manambala ndi malembo. Tikalumpha masitepe awiri oyambawo n'kuyambira pa bolodi, mwana amaloweza koma samvetsa. Ngakhale sukulu za anthu olemera zimagula zowerengera zapulasitiki pa chifukwa chomwechi. Kamtengo ka nsungwi kamagwira ntchito imodzimodziyo.

Masamu: mitolo ya timitengo

Tiyeni titenge samu iyi: 32 kuchotsera 17. Ana ambiri amauzidwa kuti "2 kuchotsa 7 sizingatheke, ndiye tibwereka 1." Mwana wochenjera amadabwa: tabwereka 1, nanga watheka bwanji kukhala 10?

Mphunzitsi wa TALULAR amadula timitengo tofanana n'kutimanga khumikhumi ndi luzi kapena mphira wa chubu chakale cha njinga. Nambala 32 ikhala mitolo 3 ndi timitengo 2 tapadera. Mwana akauzidwa kuti achotse timitengo 7, amawona yekha kuti ali ndi 2 tokha, ndipo njira ndi imodzi basi: kumasula mtolo umodzi. Tsopano ali ndi mitolo 2 ndi timitengo 12. Achotsa 7, patsala 5. Achotsa mtolo umodzi, patsala umodzi. Yankho ndi 15, ndipo mwana uja wadziwa kuti palibe chimene chabwerekedwa, tangomasula khumi limene linali lomangidwa. Akatero kangapo, amajambula mitoloyo m'kope, ndipo pomaliza amalemba manambala okha.

Kuchulukitsa kumamveka bwino ndi zitsekerero za mabotolo kapena njere za bwemba. Mwana ayale mizere 4, mzere uliwonse zitsekerero 6, monga mmene timadzalira mtedza m'mizere. Akawerenga apeza 24. Akaima mbali ina n'kuyang'ananso awona mizere 6 ya zitsekerero 4. Palibe chawonjezeka kapena kuchoka, choncho 4 × 6 ndi 6 × 4 n'chimodzimodzi. Mwana amene wawona zimenezi wachepetsa ntchito yoloweza matebulo pafupifupi ndi theka.

Mafulakishoni, amene amazunza ana ambiri mpaka ku Fomu 2, amayambira pa pepala lakale. Lipindeni pakati, mwapeza theka. Lipindeninso, mwapeza magawo anayi. Mukalitambasula mwana awona kuti magawo awiri mwa anayiwo akudzaza theka lija, ndiye 2/4 ndi 1/2 n'zofanana.

Kuwerenga: makadi a maphatikizo

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe: timalemba monga mmene timatchulira, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi limodzi mwa malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u. Mwana amene wadziwa maphatikizo watsegula chitseko cha kuwerenga.

Katoni imodzi ya sopo imatulutsa makadi ambirimbiri. Lembani phatikizo limodzi pa khadi lililonse ndi malembo akuluakulu. Ndi makadi asanu okha, ma, la, ka, ta, ba, gulu la ana likhoza kupanga mawu monga bala, mata, bata, kalata, makala ndi malata. Magulu akapikisana kuti awone amene apeze mawu ambiri, ngakhale mwana wamanyazi amatambasula dzanja n'kusuntha khadi. Pambuyo pake mphunzitsi amawonjezera maphatikizo ovutirapo monga nkha, mpha, ntha, dza ndi ng'a.

Chipangizo china ndi gudumu la maphatikizo. Dulani katoni mozungulira kawiri, lina lalikulu lina laling'ono, n'kuzilumikiza pakati ndi kawaya kuti zizizungulira. Pa laling'ono lembani malembo 10 opanda liwu, pa lalikulu malembo a liwu asanu aja. Gudumu limodzi lotere limapereka maphatikizo 50.

Kwa ana amene amasokoneza b ndi d, kapena p ndi q, pali malembo a mchenga. Lembani lembo pa katoni, pakanipo phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, wazanipo mchenga wosefa, n'kuyanika. Mwana amatsatira lembolo ndi chala kwinaku akutchula liwu lake, ndipo dzanja limakumbukira kumene lembo limayambira. Njirayi anaitchukitsa ndi Maria Montessori wa ku Italy, amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana aang'ono ku Rome mu 1907. Iye ankagwiritsa ntchito pepala lokhakhala, ife mchenga tili nawo wa ulere. Aphunzitsi a ku madrasa akhozanso kupanga malembo 28 a Chiarabu mwa njira yomweyi, makamaka amene amasiyana pa timadontho tokha.

Sitolo ya m'kalasi ndi sikelo

Kuno ku Mchinji ana amakulira pa malonda. Amawona magalimoto a katundu akudutsa mumsewu wa M12 kulowera ku chipata cha Mwami, amawona misika ya Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda, ndipo ambiri ali ndi achibale ku Chipata. Ngodya imodzi ya kalasi ikhoza kusanduka sitolo: mapaketi opanda kanthu a sopo, machesi, mchere ndi masamba a tiyi, mitengo yake yolembedwa pa timapepala, ndi ndalama zojambula pamanja kuyambira K50 mpaka K5,000. Wina akhala wogulitsa, ena ogula, ndipo kuwerengera chenji kumakhala samu yochotsera imene mwana amafunitsitsa kuikhoza. M'makalasi apamwamba mphunzitsi akhoza kuwonjezera kwacha ya Zambia, imene imagawidwa m'mangwee 100 monga mmene yathu imagawidwira m'matambala 100, n'kuika mtengo wosinthira kuti ana achulukitse ndi kugawa.

Sikelo nayo n'njosavuta: ndodo yowongoka yomangidwa chingwe pakati penipeni, ndi zitini ziwiri zofanana kumapeto. Miyala yoyezera imapangidwa ndi madzi, popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thirani madzi a m'mabotolo awiri a 500 ml m'chitini chimodzi, kenako thirani mchenga wouma m'chinzake mpaka ndodo ifanane. Mchenga umenewo ukamangidwa m'kathumba, ndiye kilogalamu ya kalasi. M'boma limene mabanja ambiri amadalira kugulitsa soya, mtedza ndi chimanga, mwana amene dzanja lake likudziwa kulemera kwa kilogalamu amakhala wothandiza pa tsiku logulitsa mbewu.

Sayansi ndi mapu panja pa kalasi

Botolo lapulasitiki lowongoka m'mbali limasanduka choyezera mvula. Dulani kumtunda kwake, mukuzondotse n'kukulowetsa m'botolomo ngati fanulo. Pansi thirani timiyala ndi madzi mpaka pamene botolo layamba kuwongoka, ndipo pamenepo ndiye pa 0. Ana amayeza ndi rula m'mawa uliwonse kuyambira Novembala mpaka Epulo n'kumalemba. Pakutha pa nyengo ya mvula ali ndi manambala awoawo ojambulira magirafu.

Mabotolo odulidwa pakati amathandizanso powonetsa kamereka ka mbewu: nyemba ina pa dothi lonyowa, ina pa louma, ina yomizidwa m'madzi. Ana amapeza okha kuti mbewu imafuna chinyezi komanso mpweya. Ndodo yozikidwa pabwalo imaphunzitsa mbali za dziko, chifukwa mthunzi wake umaloza kumadzulo m'mawa, kummawa madzulo, ndipo umafupika kwambiri dzuwa likakhala paliwombo.

Mapu safunika kukhala a pakhoma okha. Pabwalo losesa, ana akhoza kujambula boma la Mchinji ndi phulusa, kuumba mapiri ndi dongo, n'kuyala chingwe kusonyeza mtsinje wa Bua kuchokera kuno mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Mwana amene wayenda pa mapu ndi mapazi ake saiwala kuti Zambia ili kumadzulo ndipo Lilongwe ali kummawa.

Zoyenera kusamala

Si chilichonse chotayidwa chimene chiyenera kulowa m'kalasi. Mabotolo ndi zigubu zimene munali mankhwala a fodya, a mbewu kapena a ziweto sizifunika, ngakhale zitatsukidwa. Mabatire akale asaphwanyidwe pofuna kudetsera bolodi chifukwa muli zinthu zapoizoni. Zitini zisakhale zakuthwa pakamwa, zitsekerero zitsukidwe ndi sopo, ndipo njere zing'onozing'ono zisasiyidwe ndi ana a Sitandade 1 popanda wowayang'anira, poti ena amaziika m'mphuno kapena m'khutu. Posonkhanitsa mapepala akale, tiyang'anitsitse kuti pasakhale amene alembedwa mavesi a Qur'an kapena a mabuku opatulika a anzathu a zipembedzo zina.

Mdani wina ndi chiswe, makoswe ndi mvula. Mphunzitsi amataya mtima akapanga makadi sabata yathunthu n'kuwapeza atadyedwa. Aphunzitsi amatcha malo osungira zipangizozi kuti TALULAR bank, ndipo safuna zambiri: ndowa zovindikira, matumba opachika kudenga, kapena bokosi lokhoma loikidwa pamwamba pa njerwa.

Tinenenso mosabisa kuti TALULAR silowa m'malo mwa mabuku, madesiki, zipinda ndi aphunzitsi okwanira. Zimenezo ndi udindo wa boma, ndipo makomiti a sukulu apitirize kuzifunsa kudzera kwa alangizi a maphunziro a m'mazoni, ma PEA. Koma mwana amene ali Sitandade 2 chaka chino sangadikire kuti zonsezo zikwanire.

Mbali yathu

Vuto lalikulu la mphunzitsi si nzeru zopangira zipangizo, koma kuchuluka kwake. Kalasi ya ana 100 ikagawidwa m'magulu a ana 10 imafuna makadi a magulu 10. Kuti mwana aliyense akhale ndi zowerengera 20 pafunika zitsekerero 2,000. Munthu mmodzi sangathe, koma ophunzira 200 atabweretsa 10 aliyense, zakwana tsiku limodzi.

Ophunzira athu, inu muli ndi manja abwino polemba. Loweruka limodzi mukhoza kudula ndi kulemba makadi a kalasi yonse, ndipo madzulo mukhoza kukhala pansi ndi mng'ono wanu n'kumasula naye mitolo ya timitengo. Mudzapeza kuti nanunso masamu akukulowani bwino mukamawafotokozera wina.

Makolo, musawotche makatoni, makalendala akale ndi matumba a feteleza otsuka. Amene muli ndi magolosale, matelala amene mumataya tizidutswa ta nsalu, akalipentala amene muli ndi timatabwa totsala, katundu ameneyo ndi chuma ku sukulu ya pulayimale imene muli nayo pafupi. Musanatumize, funsani kaye mphunzitsi wamkulu chimene chikusowa, kuti tisasandutse sukulu dzala.

Akuluakulu a komiti ya mzikiti, inu mumakumana ndi anthu ambiri Lachisanu lililonse. Chilengezo chimodzi ndi malo ouma osonkhanitsirapo zinthu n'zokwanira kuyambitsa ntchitoyi, ndipo zosonkhanitsidwazo zigawidwe ku sukulu zonse zoyandikana nafe posayang'ana kuti anazimanga ndani. Ana amene akuphunzira maphatikizo m'sukulu zimenezo lero ndi amene adzakhale pa madesiki a Fomu 1 zaka zikubwerazi, Insha Allah, ndipo tikufuna adzafike akudziwa kuwerenga.