KUSUNGA MAU A AKULU A KU KAVALAMANJA: MIKISA KAPENA PREAMP?

Pa 6 Marichi, 1978, asilikali a Rhodesia anaoloka Zambezi ndi kuthira nkhondo pa Kavalamanja m'boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira. Anthu amene anaona zoopsazo ndi maso ao tsopano akalamba. Mau a akulu akoma akagonera, koma akapanda kusungidwa apita nao kumanda eni ace.

Masiku ano munthu akhoza kujambula mau ali pakhomo pace. Cimene cibvuta ambiri ndico kusankha ciwiya coyenera pakati pa mikisa ndi preamp yapayokha.

Maikolofoni aturutsa mphamvu yocepa kwambiri. Nchito ya preamp ndiyo kukuza mphamvuyo, nthawi zina kuiculukitsa ka 1,000, kumene akatswiri acha madesibelo 60, kuti makina ojambulira aimve bwino. Mikisa iri yonse iri ndi mapreamp ace m'kati, imodzi pa khomo liri lonse lolowetsapo maikolofoni. Preamp yapayokha ndi kabokosi kogwira nchito imodzi yomweyi basi.

Ubwino wa mikisa ndi kuculuka kwa makomo ace. Kwaya ya kuchalichi kapena gulu la ng'oma lifuna mamaikolofoni anai kapena kuposa, ndipo mikisa iwalandira onse pa mtengo wocepa. Koma ndalama zopangira mikisa yochipa zigawidwa pa ziwalo zambiri, motero preamp iri yonse ikhala ya pakati-kati. Poikweza kufikira kumapeto, iyamba kusokosa ngati mvula yowaza pa malata. Ndiponso mamikisa ang'ono ambiri atumiza ku kompyuta mau osakanizidwa kale. Ng'oma ikaphimba woyimba, sikuthekanso kuwalekanitsa pambuyo pace.

Preamp yapayokha nthawi zambiri ilandira maikolofoni amodzi kapena awiri okha, mtengo wace ndi wokwera, ndipo kawiri-kawiri ifuna kabokosi kena kolumikizira ku kompyuta. Koma yabwino ikweza mau popanda phokoso lambiri. Apa ndipo ipambanira, pakuti nkhalamba ilankhula motsitsa, ndipo mau ace asowa kukwezedwa kwambiri.

Wogula ayenera kufunsanso ngati ciwiyaco cipereka mavolti 48, cifukwa mamaikolofoni a mtundu wa condenser ambiri sagwira nchito popanda mphamvu imeneyi. Wodalira magetsi a dzuwa ayambe wayesa, pakuti ma inverter ena ochipa alowetsa m'mau kulira konga kwa njuci.

Komabe ciwiya si ndico conse. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo zambiri za m'dziko lino ndi maikolofoni amodzi ogwira pamanja, ndipo nyimbozo zimvedwa kufikira lero. Luso lace linali kusendeza maikolofoni pafupi ndi amene ayenera kumveka. Maikolofoni akakhala pafupi ndi pakamwa, ngakhale preamp ya m'mikisa sisowa kukwezedwa kufikira posokosa.

Cotero wofuna kujambula kwaya agule mikisa. Wofuna mau a munthu mmodzi, ngati thumba lilola, asankhe preamp yapayokha. Koma amene ali nayo kale mikisa asadikire ndalama za ciwiya cina. Apemphe cilolezo kwa agogo, atseke citseko, ankhuku ndi ambuzi akhale kutali, ayambe kujambula mwezi uno.